Akutuluka kunyumba yosungira ana: ndalama tasonkha, koma tiyambire pati?

Funso

Ndine mayi wa Mvano pampingo wina kuno ku Blantyre. Pafupi ndi tchalitchi chathu pali nyumba yosungira ana amasiye, ndipo anawo amapemphera nafe. Mmodzi mwa iwo, mnyamata wa Fomu 4 amene amaimba kwaya, akwanitsa zaka 18 chaka chino. Wauzidwa kuti akangomaliza mayeso a MSCE achoke, chifukwa malo ake akufunika ana ena. Anabwera ali ndi zaka zinayi amayi ake atamwalira. Abale akuti aliko ku Thyolo koma sawadziwa bwinobwino. Ife amayi tasonkha kangachepe, ndipo ambiri akuti tingomupatsa ngati mpamba pa tsiku lotsanzikana naye, akayambe geni. Ine mtima wanga sukukhazikika. Tichite bwanji kuti mwanayu asatayike?

Yankho

Mayi, mtima wanuwo sukunama. Ndalamazo musamupatse pa tsiku lotsanzikana, ndipo ngati n'kotheka tsiku lotsanzikanalo lisakhalepo n'komwe. Pa ntchito yanga yoona za chisamaliro cha ana ndakhalapo pa madyerero oterewa: nsalu patebulo, zoziziritsa kukhosi, abusa apemphera, mwana apatsidwa envelopu, matiresi ndi chikwama, anthu awomba m'manja. Pakapita miyezi ingapo mumva kuti matiresi aja anagulitsa, foni yake siikupezeka, ndipo wina anamuona kudepoti akuitanira maminibasi. Anthu amangoti anali mwana wosayamika. Amaiwala kuti tsiku limene anamupatsa katundu ndi lomwelo limene anamulanda anthu onse amene ankawadziwa.

Taganizirani mmene ana obereka tokha amachokera pakhomo. Kumudzi mnyamata akasinkhuka amamanga gowelo pambali pa nyumba ya makolo. Amagona yekha, amatseka chitseko chake, koma nsima amadyabe ya amayi ake, ndipo akadwala malungo usiku kubuula kwake kumamveka. Kenako amam'gawira kamunda, alima, zikanika, ayesanso, mpaka adzakwatire. M'tauni muno ndi chimodzimodzi. Ndani mwa inu amayi a Mvano anatulutsa mwana wake m'nyumba chifukwa wakwanitsa zaka 18? Ambiri muli ndi ana a zaka 25 amene akudyabe pakhomo uku akusaka ntchito, ndipo simuonapo chachilendo. Mwana wokulira kunyumba yosungira ana yekha ndiye timafuna kuti lero adye ndi belu, mawa adzilipirire lendi. Ntchito ya mpingo wanu ndi kumumangira gowelo lija.

Zaka 18 zimenezi zikuchokera ku malamulo. Lamulo lalikulu la dziko lino linasinthidwa mu 2017 kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, pamene kale zinali 16, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 ndilo limayendetsa za nyumba zosungira ana komanso za mabanja olera ana amene si awo. Munthu akadutsa msinkhu umenewu chitetezo cha umwana chimatha, ndipo kawirikawiri zotsatira zimangodalira mtima wa oyendetsa nyumbayo ndi thumba la amene amawathandiza. Boma lakhala likulimbikitsa kubwezera ana kwa abale awo, ndipo kalondolondo wa bungwe la Malawi Human Rights Commission anaonetsa kuti ana a m'nyumba zoterezi anatsika kuchoka pa oposa 10,000 mu 2014 kufika pafupifupi 8,000 mu 2017. Koma kubwezera mwana wa zaka zisanu ndi kwina, kutulutsa mnyamata wandevu ndi kwinanso.

Maiko amene boma lili ndi ndalama anapunthwa kale pa mwala womwewu. Ku England, kuyambira 2014 wachinyamata akhoza kukhalabe ndi banja lomulera mpaka zaka 21, ndipo khonsolo imam'patsa mlangizi wakewake mpaka zaka 25. Ku South Africa lamulo la ana la 2005 limalola kuti asamalidwebe mpaka zaka 21 ngati ali pasukulu. Ku America lamulo la 2008 linatsegula njira yoti zigawo za dzikolo zipitirize chisamaliro mpaka zaka 21. Malangizo a United Nations a 2009 nawo amati kukonzekera kuyambe msanga, ndipo wachinyamata aliyense apatsidwe munthu mmodzi woyenda naye. Onani zimene onsewa anawonjezera: nthawi ndi munthu. Ziwiri zimenezi mpingo wa ku Blantyre uli nazo ngakhale mbale ya chopereka itapepuka.

Tsopano mumudziwe mwana wanuyo. Mwina amalankhula Chingerezi kuposa ana anu, ndi waukhondo, waulemu, amasunga nthawi. Koma mutumeni kumsika wa ku Limbe ndi ndalama ya ndiwo za masiku atatu muone. Wogulitsa usipa akatchula mtengo, iye apereka pomwepo osanenerera, osapempha ngakhale basela. Sadziwa kuti thumba la chimanga la makilogalamu 50 limatha masabata angati pakhomo la anthu asanu. Sanapiteko kuchigayo kukakonoletsa, sanaviikepo mphale, sanagulepo mayunitsi a magetsi, ndipo mukam'patsa mbaula athira makala a masiku awiri kuti aphike tiyi. Pamaliro sadziwa pokhala amuna, sadziwa kupepesa anamfedwa, sadziwa kuti mnyamata wa msinkhu wake amayembekezeka kukagwira khasu ndi adzukulu kumanda. Zinthu zimenezi palibe anaphunzitsidwa m'kalasi, tonse tinangozitola pokhala pakhomo. Iye wadzutsidwa ndi belu, wadya ndi belu, sopo akatha amakalemba dzina kusitolo. Sanasankhepo yekha chinthu chachikulu chilichonse, ndiye lero tikufuna asankhe geni.

Palinso china chobisika. Amayi olera m'nyumba zoterezi amasinthana, ena amasiya ntchito. Alendo amabwera, amanyamula ana, amajambula zithunzi, amalira potsanzika, osadzaonekanso. Mwana amene wakula chonchi amaphunzira kusekerera mlendo aliyense msanga koma osakhulupirira munthu. Akuuzani kuti zonse zili bwino ali ndi njala ya masiku awiri. Musadabwe, ndipo musaganize kuti ndi chinyengo. Ndi mmene anadzitetezera.

Choncho choyamba kusaka si geni, ndi munthu. Komiti siilera mwana. Komiti imakumana Lachinayi, imalemba mfundo, imabalalika, ndipo mwana akadwala Loweruka usiku aliyense amaganiza kuti mnzake wapitako. Pakufunika banja limodzi, kapena munthu mmodzi wamkulu, amene anganene pamaso pa onse kuti uyu ndi wanga. Ine ndimafunsa chonchi: mnyamatayu akagonekedwa kuchipatala, ndani akagone pansi pafupi ndi bedi lake ngati gadiyani, kum'phikira phala ndi kum'chapira? Akagwidwa ndi apolisi pa chipwirikiti cha m'tauni, ndani akasainire belo? Pa fomu ya kukoleji kapena ya kuntchito, pamene amafunsa wachibale wapafupi, alembe nambala ya yani? Ngati amayi onse ayang'ana pansi, ndiye kuti ntchito sinayambe, ngakhale ndalama zitadzaza beseni.

Munthu ameneyu musam'sankhire nokha. M'funseni mnyamatayo, ali yekha, osati pamaso pa gulu, kuti mumpingomo amamasuka ndi yani. Mwina atchula mphunzitsi wa kwaya kapena mayi wina wosauka amene amakhala kumbuyo, osati amayi apampando. Musakhumudwe. Amene watchulidwayo akavomera, akambirane kaye ndi a kunyumba kwake. Bambo akavomera ndi pakamwa pokha, kapena ana a m'nyumbamo akangodzidzimuka mlendo ali m'chipinda chawo, mwanayo adzaona pa nkhope zawo tsiku loyamba ndipo sadzakhala. Gulu lonse la amayi likhale kumbuyo kwa banja limeneli: wina ufa, wina sopo, wina ndalama yoyendera, kuti katundu asagwere nyumba imodzi.

Ndipo ziyambe tsopano, mayeso asanafike. Ndi chilolezo cha oyendetsa nyumbayo ndi a ofesi ya zachisamaliro cha anthu, azibwera kudzaswera Loweruka, kenako kudzagona, kenako tchuthi chonse. Asalandiridwe ngati mlendo wophera nkhuku. Atsuke mbale pa tsiku lake, atumidwe kuchigayo, akalipiridwe akachedwa kubwera monga akalipiridwira ana ena. Apa ndiime kaye, chifukwa ndaona zambiri. Ndati agwire ntchito monga ana ena a m'nyumbamo, sindinati mwapeza wantchito waulere. Mabanja ena a mpingo amatenga mwana wotere n'kuchotsa wantchito amene ankamulipira. Mwanayo adzuka m'mbandakucha kukolopa, kutsuka galimoto, kulondera pageti, uku bambo akupereka umboni kutchalitchi kuti akulera wamasiye. Pofuna kupewa izi, pakhale munthu wina wachiwiri, wosakhala wa m'nyumbamo, amene azicheza ndi mwanayo payekha mwezi uliwonse. Mwanayo adziwenso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana ndi achinyamata.

Ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma lanu pitani nokha, musadikire kuti abwere. Ogwira ntchito kumeneko ndi ochepa poyerekeza ndi milandu imene ali nayo. Pemphani kuti pakhale msonkhano wa oyendetsa nyumbayo, mlangizi wa boma, banja lija ndi mnyamatayo mwiniwake. Pa msonkhanowo pemphani chinthu chimodzi molimba: tsiku lochoka lisunthidwe, asatuluke pa tsiku la pepala lomaliza koma mpaka zotsatira zitatuluka ndipo kopita kwadziwika. Nyumba zambiri zimavomera zikaona kuti pali anthu amene akukonzeka kumulandira. Zimene mwagwirizana zilembedwe, chifukwa oyendetsa nyumba amasintha ndipo wobwera kumene sadziwa malonjezo a pakamwa.

Pomwepo funsani za mapepala ake. Chiphaso cha unzika chimaperekedwa ndi bungwe la boma la kalembera wa anthu la NRB kuyambira zaka 16, ndipo popanda chimenechi sangalembetse nambala ya foni m'dzina lake, sangatsegule Airtel Money kapena Mpamba, akaunti ya kubanki ingam'vute, ntchito yolembedwa ndiye osanena. Onetsetsani kuti dzina la pachiphaso ndi lomwelo limene analembetsa ku MANEB, chilembo ndi chilembo. Ana a m'nyumba zosungira ana nthawi zambiri amakhala ndi maina awiri, la kwawo ndi lina limene anapatsidwa atafika, ndipo kusiyana kwa chilembo chimodzi kukhoza kuimitsa munthu pakhomo la koleji. Atenge kalata ya kubadwa, buku lake la kuchipatala, kalata ya umboni ya kusukulu, ndi zikalata za imfa ya makolo ngati zilipo. Jambulitsani zonse, zina zisungidwe ndi banja lija.

Koposa zonse pali fayilo yake. Mmenemo munalembedwa amene anam'bweretsa, mudzi, nyakwawa, mfumu yaikulu, ndipo mwina chimene chinapha amayi ake. Ndi mbiri yake, ayenera kuidziwa, koma asaiwerenge ali yekha. Nthawi zina m'fayilo mumapezeka kuti bambo ali moyo, kapena kuti pali mlongo wake amene anatsala kumudzi. Ana ambiri a m'nyumba zoterezi ali ndi kholo limodzi lamoyo, anabwera chifukwa cha umphawi. Nkhani yotere imagwedeza munthu, ndipo ndi bwino kuti iyembekeze mayeso athe.

Za ku Thyolo ndiye zofunika kuyenda nazo mosamala, pakuti apa ndi pamene anthu a mtima wabwino amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Ena amati abale anam'taya, awaiwale. Ena amati magazi ndi magazi, akwere basi azipita kwawo. Onsewa akufulumira. Madera ambiri a ku Thyolo ndi achikamwini: mwana ndi wa kuchikazi, malo amayenda kudzera mwa amayi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Ndiye munthu woyamba kum'saka ndi mlongo wa malemu amayi ake, kudzera kwa nyakwawa ya mudziwo ndi mlangizi woteteza ana wa m'deralo. Koma mukumbukire kuti Thyolo ndi boma lothinana, malo ambiri abwino ali m'minda ya tiyi, ndipo kamunda kamene amayi ake ankalima pali wina amene wakhala akukolola zaka zonsezi. Mnyamata akangotulukira ndi chikwama, ena saona mwana wa mlongo wawo, aona munthu wodzalanda munda. Enanso aona mwana wa azungu amene wabwera ndi ndalama, ndipo akazindikira kuti alibe kanthu nkhope zimasintha.

Choncho ulendo woyamba asapite yekha, ndipo usakhale ulendo wa munda. Apite ndi wamkulu wa mpingo ndi mayi mmodzi, atanyamula shuga, sopo ndi mchere monga achitira mlendo aliyense, akaone manda a amayi ake, adziwe agogo ngati alipo, amve mfunda wake ndi maina a azibale ake, abwereko tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ulendo wachiwiri akagone masiku angapo. Kukagwa maliro kumeneko, mpingo um'pezere yoyendera apite, chifukwa kumudzi munthu amawerengedwa pamaliro. Nkhani ya malo idzabwera yokha ubale ukamera, ndipo ikadzabwera ikambidwe pamaso pa amfumu. Ngati makolo anasiya nyumba, ndalama za kuntchito kapena katundu wina amene abale anagawana, dziwani kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika ana patsogolo ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Ofesi ya DC ndi ya Administrator General, yoyang'anira chuma cha masiye, ndi kumene nkhani zimenezi zimayambira. Koma m'funseni mwiniwake ngati akufuna kulowa m'nkhondo imeneyo. Ena amasankha kukhala ndi malume kusiyana ndi kupambana mlandu, ndipo ndi ufulu wawo.

Zikhozanso kutheka kuti apita, awaona, n'kunena kuti kumeneko sindingakhale. Musam'kakamize. Mwana amene wakulira pa magetsi ndi madzi a m'mipope, wosagwirapo khasu nyengo yonse ya dzinja, kum'tula kumudzi ndi kum'tumiza kudepoti modzera njira yaitali. Chofunika n'chakuti akhale ndi kwawo kotchula, ngakhale azikhala ku Blantyre.

Nyengo yoopsa kwambiri ndi ya pakati pa mayeso ndi zotsatira, kenako pakati pa zotsatira ndi kuitanidwa kukoleji. Imatha kukhala miyezi yambiri, ndipo ndi mmene anyamata amayambira kuswera pa malo obetchera mpira ndi kulawa kachasu. Musalole kuti miyezi imeneyi ikhale yopanda kanthu. Mumpingo mwanumo muli akalipentala, owotcherera zitsulo, amakaniko, atelala, amisiri omanga nyumba, eni magolosale. Mmodzi am'tenge, osati mwa chifundo chabe koma mogwirizana bwino: aphunzira chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, adya kuti masana, alandira kangati pa ntchito imene wagwira. Akaonetsa kuti dzanja lilipo, njira ya TEVETA ndi yotseguka. Bungweli lakhalapo kuyambira 1999, limalengeza malo a maphunziro a ntchito zamanja, ndipo pafupi nanu pali Soche Technical College, ku Zomba kuli Nasawa, kuphatikizapo makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015. Pepala la luso limam'siyanitsa ndi waganyu pokambirana malipiro.

Akakhoza bwino n'kusankhidwa kuyunivesite, pali ngongole ya ophunzira osowa ya bungwe la HESLGB. Mafomu ake amafuna umboni wa umphawi wa wopemphayo, ndiye apa zikalata za imfa ya makolo ndi kalata ya a zachisamaliro cha anthu zimagwira ntchito. Wina wodziwa intaneti akhale naye polemba, masiku asanathe. Ngongoleyi siikwanira zonse, ndipo pali funso limene aliyense amaiwala: sukulu akatsekera, anzake akamalongedza kupita kwa makolo, iye alowera kuti? Ophunzira ena otere amabisala m'zipinda za anzawo tchuthi chonse chifukwa cha manyazi. Bedi lake kunyumba ija likhalepobe, ndipo auzidwe momveka kuti safunika kupempha kuti abwere.

Tibwere ku ndalama zanu zija. Ine ndikanazigawa patatu, mosafanana. Kagawo kochepa kapite ku mapepala ndi maulendo a ku Thyolo. Gawo lalikulu lipite ku maphunziro ndi zipangizo, ndipo akadzafika pofuna kachipinda kakekake, ku lendi yotsika pang'onopang'ono: miyezi yoyamba mpingo ulipire yonse, kenako theka, kenako iye yekha, ndipo ndondomekoyi aidziwe kuyambira pachiyambi. Kachipindako kakhale koyenda wapansi kuchokera ku banja lija kuti Lamulungu azidzadya nawo. Gawo lachitatu lisungidwe osakhudzidwa, la tsiku limene zoyamba zidzakanike. Ndikuti zidzakanike chifukwa geni yoyamba ya munthu wa zaka 18 nthawi zambiri imagwa, kaya ndi wamasiye kaya ndi mwana wa abusa. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wa abusa amabwerera kunyumba n'kudya mgonero.

Komabe musam'bisire ndalama ngati khanda. Ayambe kugwira zochepa tsopano, za sabata imodzi, azilemba m'kope mmene zayendera. Ndalama yoyamba yooneka adzagula foni yapamwamba kapena nsapato, mudzapsa mtima, koma kumbukirani kuti aka n'koyamba kukhala ndi chinthu chimene si cha gulu. Mulowetseni mu banki m'khonde ya amayi kapena ya achinyamata, aziponya masheya ake ochepawo. Kumeneko aphunzira chiwongoladzanja, aona mmene wolephera kubweza amachitira manyazi, ndipo apeza kokongola kosakhala kwa akatapila. M'chenjezeni za anthu olonjeza ntchito ku Joni ndi mapepala okonza okha. Mwana wopanda wom'funsa ndiye amene iwo amasaka.

Konzekeraninso kuti adzakuyesani. Zinthu zikayamba kuyenda bwino, mwina ndi pamene adzanama, adzasowa masiku atatu, adzayankha mwano, kapena adzatenga kanthu m'nyumba. Ambiri amachita izi osadziwa n'komwe chifukwa chake: akufuna aone ngati nanunso muchoka monga anachokera ena onse, ndipo ndi bwino kwa iye kuti zichitike msanga. Mulangeni, abweze chimene watenga, koma mawu akuti bwerera kumene unachokera asatuluke pakamwa pa munthu aliyense, ngakhale mwanthabwala. Mukaona kuti wasiya kudya, sakugona, akudzipatula, akugawa zinthu zake kapena akulankhula zoti moyo ulibe phindu, m'funseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, ndipo mupite naye kuchipatala kukaonana ndi a uphungu. Malipoti a apolisi akhala akuonetsa kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo mnyamata sabwera yekha kudzanena. Ngati ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV kapena a khunyu, kunyumba kuja kunali wom'kumbutsa ndi wokam'tengera. Ambiri amasiyira mankhwala pa nthawi yosamukayi. Munthu mmodzi yekha amene iye wam'sankha adziwe, aziona kuti masiku a kuchipatala sakudumphidwa, ndipo nkhaniyo isafike ku Mvano ngakhale ngati pempho la pemphero.

Apa ndiwonjezere chimene amayi ena sachikonda. Musamuimike kutsogolo kwa tchalitchi kuti athokoze. Musaike chithunzi chake pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp atanyamula thumba la ufa. Wajambulidwa moyo wake wonse kuti ena apereke ndalama, ndipo watopa kukhala chitsanzo cha chifundo cha anthu. Mumpingo adziwike ngati woimba tenala amene akuphunzira zowotcherera, apatsidwe udindo ku gulu la achinyamata, nayenso azisonkha pakagwa vuto la wina.

Mwafunsa za mnyamata, koma kumbuyo kwake kuli atsikana amene akwanitsa zaka 18 chaka chamawa. Kwa iwo khomo lotseguka msanga limakhala banja, kapena bambo wina wolonjeza lendi, kapena ntchito ya m'nyumba ku maiko monga Oman kumene amayi ambiri a ku Malawi anakazunzika. Mtsikana aikidwe m'manja mwa mayi, m'nyumba imene mwaiyang'anitsitsa bwino amuna ake onse, ndipo za kulera ndi za kudziteteza auzidwe poyera ndi azaumoyo. Pemphani oyendetsa nyumbayo akuuzeni ana onse a zaka 15 kupita m'mwamba, kuti aliyense apeze banja lake kudakali zaka zitatu, osati miyezi itatu ngati mmene zakhalira ndi uyu.

Nkhani imodzi yotsala, imene idzakupezani ngakhale muiiwale. Tsiku lina mnyamatayu adzapeza mbeta, ndipo a kuchikazi adzafunsa kuti ankhoswe ake ndi ndani. Kwathu kuno banja silimangidwa popanda ankhoswe, ndipo mabanja ambiri amakayikira mnyamata amene sangaonetse malume. Ndawaonapo anyamata akhalidwe labwino, a ntchito zawo, akubwereka munthu wa kuntchito kuti akaime ngati malume, bodza n'kudzaululika pa chinkhoswe. Ngati ubale wa ku Thyolo wamera, malume enieni adzaima, bambo wa banja lija n'kukhala pambali pawo. Ngati sunamere, akulu a mpingo agwirizane kuti nkhoswe wake ndi bambo uje, a kuchikazi adzauzidwe zoona kuyambira tsiku loyamba, ndipo bamboyo adziwe kuti unkhoswe suthera pa tsiku la ukwati: banjalo likadzayambana pakati pa usiku, chitseko chodzagogodedwa ndi chake. M'funseni bamboyo panopa, mnyamatayo akumva.